Ottavio Anakonza Njira ya Kumanja

Ottavio Marinucci anatha zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi ali chogwada m'misewu ya Roma. Sikuti ankapemphera. Ankayala miyala.

Ndi timiyala takuda tija, ta ngodya zinayi, tosongokera kunsi ngati dzino, timene alendo amatijambula koma eni mzinda amatitukwana. Ntchito yake siivuta kufotokoza. Usalaze mchenga. Utole mwala, uutembenuze m'dzanja mpaka upeze nkhope yake, uukhazike, uumenye kawiri ndi nyundo, utole wina. Mzere ukatha, abwere wa chimusi chachitsulo adzatsendere. Simenti palibe. Mwala umagwiridwa ndi inzake ya m'mbali, basi. Ukazuka umodzi, yotsalayo imayamba kugwedera ngati mano a nkhalamba.

Anabadwira kumapiri a kum'mwera kwa mzinda, kumene amaswa miyalayo. Bambo ake anali woswa. Iye anasankha kuyala, chifukwa oswa ankafa ndi chifuwa asanaone adzukulu. Anatsikira ku Roma ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, nsapato zili lende m'khosi kuopa kuti zingathe asanafike.

Munthu wa ntchito imeneyi sayenda ngati anthu ena. Maso amakhala pansi. Ottavio ankadziwa ndi phazi lokha kuti apa anayala ndi uje, apa anayala munthu wa matsire. Mukamufunsa za tchalitchi chachikulu cha pabwalo, ankakuuzani kuti pakhomo pake pamadikha madzi chifukwa woyalayo anali ndi phuma. Za denga lake mukafunse ena.

Ngakhale mkazi anamupezera pansi pomwepo. Tsiku lina chidendene cha nsapato ya mtsikana chinakanirira pakati pa miyala iwiri imene Ottavio anali atangoyala kumene. Anaona nsapato poyamba, mwini wake pambuyo.

"Iwe, ndiwe watchera msampha uwu?" anatero mtsikanayo.

"Uwu ndi msewu. Izo ndiye si nsapato."

Mtsikanayo anamutukwana mpaka kufika kwa agogo ake. Dzina lake linali Nerina. Chaka chisanathe anakwatirana.

Anakhala m'kanjira ka Opota Zingwe, m'nyumba yakale ya makoma achikasu, pamwamba pa masitepe khumi ndi asanu ndi anayi. Mwana anabala mmodzi, Loredana. Nerina ankasita zovala za anthu olemera. Ntchito anagawana osakambirana: msewu wa Ottavio, msika wa Nerina. Mwamuna ankatuluka kusanayere, kubwera dzuwa litapendeka. Atapuma pa ntchito sanasinthe. Ankamwa khofi chiimirire kwa Amilcare, pangodya ya kumanja ukatuluka pakhomo pawo, kenaka n'kumazungulira mzinda kuona mmene a masiku ano akuonongera misewu. Kumsika sanapiteko ndi mkazi wake ngakhale tsiku limodzi. Ankati akazi kumsika amachedwa.

Nerina anagwa mu Novembala, tsiku la mvula, pakati pa bwalo la msika. Anaponda mwala wogwedera, mwalawo unapendeka, fupa la m'chiuno linathyoka. Kuchipatala anamuika chitsulo. Mawa lake Ottavio anapita kukauona mwalawo. Anaugwedeza ndi phazi, anayang'ana mzere wake, anaona kuti si dzanja lake linayala pamenepo. Mtima unakhala pansi. Kenaka anachita manyazi kuti mtima wakhala pansi.

Pofika Marichi Nerina ankayenda m'nyumba ndi ndodo. Masitepe ankatsika onse, limodzilimodzi. Koma akafika pakhomo ankaima, kuyang'ana miyala, n'kubwerera. Miyezi inayi phazi lake silinakhudze msewu.

Loredana anabwera Lamulungu ndi mawu okonzeratu. Ndi mayi wa zaka makumi asanu, wogwira ntchito ya mu ofesi, wosataya nthawi.

"Ndapeza nyumba pafupi ndi ine. Muli chikepe. Njira zake n'zosalala ngati thebulo ili. Mwini wake akufuna yankho Loweruka."

"Kumene kuja mabasi amatembenukira?" anafunsa Ottavio.

"Kumakhala anthu, Bambo."

"Kumagona anthu. Kukhala sakhalako."

"Nanga muno Amayi akukhala? Dokotala wanena poyera. Mwendo umene suyenda umaiwala kuyenda. Chaka chamawa mudzawanyamula ndi chiyani, ndi maondo anuwo?"

Mwanayo ankanena zoona, ndipo zoona sizisiya kukhala zoona chifukwa wanena ndi mwana.

Nerina ankasenda lalanje. Atamaliza anaika mpeni pansi.

"Loweruka ubwere m'mawa," anatero. "Ndikakafika kumsika ndi miyendo yanga, umuuze munthu wakoyo kuti apatse ena. Ndikalephera, bweretsa makatoni."

"Amayi, si mpikisano uwu."

"Ndanena."

Ottavio anawerenga masiku. Analipo asanu.

Lolemba m'mawa anatulutsa nyundo yake kunsi kwa sinki, ndi zikopa za pamaondo zimene zinali zitauma gwa. Mchenga anapempha kwa omanga ena amene ankakonza nyumba kuseri, anamupatsa ndowa ziwiri. Sanauze munthu. Anatuluka pakhomo, anakhotera kumanja, anayenda mpaka kumsika akuwerenga. Mapazi mazana awiri ndi makumi anayi. Kudutsa kwa Amilcare, kutsata khoma lalitali la masisitere, kukhota kamodzi, wafika. Njira yachidule, yopanda chitunda. Munthu aliyense wanzeru angadzere pamenepo. Pobwerera anapondaponda mwala uliwonse m'mbali mwa khoma, wogwedera aliyense n'kumuika chizindikiro ndi choko. Inakwana makumi asanu ndi limodzi ndi umodzi.

Kugwada kunamutengera nthawi. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zitatu, ndipo maondo ankalira ngati chitseko cha tchalitchi. Koma atafika pansi manja anakumbuka okha. Kuzula, kuthira mchenga, kutembenuza, kukhazika. Kho! Kho! Wina.

Amilcare anatuluka ndi kansalu paphewa. Ku Roma bambo amamulemekeza ndi mawu akuti Sor, mayi ndi akuti Sora.

"Sor Otta', mwataya chiyani?"

"Nzeru zako ndikufuna. Ndamva kuti zinagwera pano."

"Aa, zimenezo musavutike, anatola ndi mkazi wanga. Koma zoona, akuitaninso ku ntchito? Anyamata atha m'dziko muno?"

"Bwerera ukapsereze khofi wako."

"Ndingokuuzani, akakugwirani ine sindikudziwani. Ndidzati ndi gogo wina wothawa kunyumba ya okalamba."

Sanachedwe kumupeza. Lachitatu kunabwera mayi wa yunifolomu, wa gulu loyang'anira misewu. Anaima pamutu pa Ottavio, manja kumbuyo.

"Agogo, chilolezo muli nacho?"

"Cha chiyani?"

"Chokumba msewu."

"Sindikukumba. Ndikubwezera."

Mayiyo anaponda pamene panali patakonzedwa, anapondanso pamene panali pasanakonzedwe. Anayang'ana manja a nkhalambayo, osupuka m'zala.

"Ine ndikupita uko," anatero, akuloza kumtsinje. "Kumeneko ndichedwa. Mwina mpaka Lachisanu."

Popeza analibe wa chimusi, Ottavio ankatsendera ndi chipika chimene anatola kwa omanga aja. Mipata anaidzaza mchenga mpaka pamwamba kuti nsonga ya ndodo isalowe. Oyenda ndi mapu m'manja ankamuzungulira, ena kumujambula. Iye sanadzutse mutu. Masana ankakwera masitepe chokwawa, kusamba m'manja, kudya osalankhula. Nerina sanafunse. Lachisanu madzulo mwala womaliza unakhala. Anayenda njira yonse atatsinzina diso limodzi, akukhwekhwereza mapazi ngati wodwala. Palibe pamene anapunthwa.

Loweruka kunacha bwino. Loredana anafika nthawi ya naini. Nerina anatenga ola lathunthu kuvala. Anavala diresi yobiriwira, ndolo za ukwati, n'kupaka milomo.

"Ukupita kumsika kapena kukakwatiwanso?" anafunsa Ottavio.

"Zitengera amene ndikumane naye."

Anatsika masitepe, Ottavio patsogolo, Loredana pambuyo. Pakhomo Nerina anaima monga mwa masiku onse. Anapuma kawiri. Anatulutsa ndodo, kenaka phazi, kenaka linzake. Anali pamsewu.

Ndipo anakhotera kumanzere.

"Neri'! Ukupita kuti?"

"Kumsika."

"Msika uli uku."

"Ine ndimadzera uku."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira chaka chimene unandikwatira." Nerina anamuyang'ana, anayang'ana kumanja kumene mchenga watsopano unkaoneka mbee m'mipata ya miyala, anamuyang'ananso. "Otta'. Usandiuze kuti masiku onsewa umakonza uko."



"Umadziwa?" anafunsa Ottavio.

"Thalauza lako amachapa ndani? Mchenga unali thoo m'mapindiro. Ndinati mwamuna wanga akundiyalira njira, ndiye ndinalimba mtima. Sindinaganize kuti pali munthu amene wakhala nane zaka makumi asanu osadziwa kumene ndimadzera."

Amilcare anali pakhomo pake, akumva zonse. Anamenya kansalu pantchafu.

"Zinali za zimenezi? Sor Otta', mukanandifunsa ine! Sora Nerina sanadutsepo pano chiyambire. Ine ndimawaona kumsana kokha!"

Safunsa anadya phula. Ottavio analidya chiimirire, pamaso pa wogulitsa khofi.

"Uku n'kwachidule," anatero motsitsa. "Ndi mapazi mazana awiri ndi makumi anayi. Uko n'kuwirikiza kawiri, ndipo sindinakhudzeko."

"Amayi, dzerani kumanja," anatero Loredana. "Bambo athyoka maondo sabata yonse. Mukafika kumsika mwafika, ine sindiwerengera kuti mwadzera kuti."

"Kumanjako kuli chiyani? Khoma la masisitere ndi mikodzo ya agalu. Ndikapereke moni kwa ndani, kwa khoma?" Nerina anagogoda ndodo pansi. "Tamvera mwana wanga. Ngati ndikukanirira muno kuti ndiziyenda m'mbali mwa khoma, kuli bwino ndikakwere chikepe chakocho. Anyezi amapezeka paliponse."

Ottavio anayang'ana kumanzere. Ali pomwepo ankaona kale miyala itatu yotukuka ndi dzenje limodzi.

"Gwira apa," anatero, akupereka mkono. "Pansi usayang'ane. Pansi n'panga. Ndikati ponda, ponda."

Anayamba. Ottavio anali patsogolo theka la phazi, akuyesa mwala uliwonse asanaupereke kwa mkazi wake.

"Lamanzere, pa wotuwawo. Eya. Lamanja, apa. Uwo ayi, ndi wabodza. Ndodo pakati pa mwala, osati mumpata. Pakati, ndati!"

"Usandikalipire, sindine wantchito wako."

"Wantchito wanga akanamva kamodzi."

Asanathe mapazi makumi awiri zenera linatseguka pamwamba.

"Neri'! Ndiwe? Mayi Maria, wauka! Anthuni, Nerina watuluka!"

"Ndimati ndife, koma ndinakumbuka kuti mbale yanga ikadali kwa iwe!"

Zenera lina linatseguka, kenaka lina. Wometa tsitsi anatuluka ndi lumo m'manja, munthu wake atamusiya ndi thovu kumaso. Wosoka nsapato anagogoda galasi. Pangodya, pamene pali chithunzi cha Amayi Maria pakhoma, Nerina anaima, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kudandaula kuti maluwa ake ndi apulasitiki tsopano, anthu alibe manyazi. Ottavio sanaone chithunzicho. Ankayang'ana ngalande.

Vuto linabwera pa kanjira kopapatiza kotsikira ku bekale. Njinga yamoto inatulukira kumbuyo ikulira. Nerina anadzidzimuka, ndodo inalowa mumpata n'kukanirira. Thupi linapendekera mbali ya chitsulo ija. Ottavio anamugwira m'chiuno ndi manja onse awiri, bondo lake linagunda khoma. Sanagwe. Koma Nerina anauma pomwepo, maso ali pansi.

Loredana anathamanga. "Basi, zakwana. Ndikuitana galimoto."

"Musiye," anatero Ottavio.

"Bambo, simukuona?"

"Ndikuona. Musiye apume."

Anazula ndodo, anaibwezera m'dzanja la mkazi wake, n'kutseka zala zake pa ndodoyo chimodzichimodzi.

"Ndakuuza kuti pansi n'panga," anatero. "Ukuyang'ana chiyani? Uwu umene waimapo ndi wabwino. Ndikuudziwa. Mzere uwu ndinayala ndine, chaka chimene Loredana anamera mano."

"Ukunama."

"Theka lake."

Nerina anatulutsa mpweya ngati akuseka. Maso sanadzuke msanga, koma anadzuka.

Sora Iole wa pa bekale, mayi wonenepa wa ufa m'mikono, anali atatulutsa kale mpando. Nerina anakhala. Pa mgwirizano uja panalibe mawu oletsa kukhala. Iole anamupatsa chidutswa cha buledi wamafuta wotentha, n'kuyamba kumuthira nkhani za miyezi inayi: wamwalira ndani, wathawa ndani, nyumba iti yasanduka yogona alendo. Kenaka anatembenukira kwa Ottavio.

"Ndiye awa ndi Sor Ottavio! Tinkayesa kuti Nerina anangokupekani. Chifuwa chija chinatha?"

"Chiti?"

"Cha chaka chatha, chimene munkakana mankhwala. Nanga anyezi munayamba kudya? Amakuikiranibe mobisa, mukudziwa?"

"Iole, tseka pakamwa," anatero Nerina.

Wometa uja anafika naye, anamugwira Ottavio chanza. "Inu ndi amene munagwa pamakwerero pokonza nyale? Tinaseka sabata yonse. Pepani, koma tinaseka."

Ottavio anaima pakati pa anthu amene sanawaonepo nkhope, ndipo onse ankadziwa maondo ake, chifuwa chake, ndi zimene amalankhula kutulo. Zaka makumi asanu mkazi wake ankamunyamula m'kanjira aka m'mawa uliwonse, iye osadziwa. Anasowa poyang'ana. Pansi panali mapazi a anthu okhaokha, ndiye anayang'ana kumwamba. Pakhonde lina panali mtengo wa mandimu mumphika, wobala ndithu. Sankadziwa kuti mandimu angabale m'kanjira kopanda dzuwa chonchi.

"Tiye," anatero Nerina. "Atseka msika uli kuyang'ana kumwamba ngati nkhuku yomwa madzi."

Mbali yotsalayo inali yoipa kuposa yoyamba. Nerina anasiya nthabwala. Thukuta linatsika m'khosi, mwendo unayamba kukoka. Ottavio anasiya kukalipa. Ankangoti, "Apa. Apa. Dikira. Apa." Loredana ankabwera pambuyo atanyamula mpando wa Iole, umene palibe anamuuza kuti anyamule. Anaugwiritsa ntchito kawiri.

Anatulukira pabwalo la msika belu la masana likulira. Ulendo wa mphindi khumi unawatengera maola awiri. Ogulitsa anali atayamba kulongedza. Nerina anasiya mkono wa mwamuna wake, anayenda yekha mapazi anayi omaliza, n'kugwira thebulo la wogulitsa masamba. Anatola mtolo wa ndiwo zamasamba zotchedwa chikoria, anaununkhiza, anaubweza.

"Wadzulo uwu."

"Sora Neri', mwayenda ulendo wonsewu kudzandinyoza?"

"Nanga ndani wakhala akukunyoza ine kulibe? Tulutsa umene wabisa pansipo."

Loredana anaika mpando pansi, anapita pambali pa mpopi, anatulutsa foni. Analankhula mwachidule. Atabwerera maso anali ofiira, koma mawu anali omwe aja a mu ofesi.

"Ndamuuza apatse ena. Koma mvula ikadzayamba tidzakambirananso. Ndipo tsiku lililonse muziyenda, osati Loweruka lokha."

"Wamva, Otta'?" anatero Nerina. "Tsiku lililonse."

Kubwerera ndi miyendo Nerina sanathe. Wogulitsa masamba anamukweza kutsogolo kwa kagalimoto kake ka matayala atatu, mabokosi opanda kanthu akugubuduka kumbuyo. Mwendo unatupa masiku awiri. Lachiwiri anatulukanso.

Akadali m'kanjira ka Opota Zingwe. Amatuluka nthawi ya teni, mwamuna maso pansi, mkazi maso m'mazenera, ndipo anthu amawapatsa njira. Ottavio ndiye amanyamula thumba. Kumsika amachedwadi, ndipo amadandaula tsiku lililonse. Mayina a anthu a m'njiramo waphunzira khumi ndi limodzi. Wometa ndi wosoka nsapato amawasokonezabe, ndipo onse awiri anasiya kumukonza.